Kalongonda Wosapsa

Bambo Dominic Kaliati anayamba kuphika chakudya cha Khirisimasi mwezi wa Novembala, ndi pakamwa. Akaweruka ku ofesi pa boma, kumene ankasunga makiyi a chipinda cha katundu, ankakhala pakhonde la nyumba yawo ku Migowi n'kuitana akazi awo, a Ethel, kuti adzamve zimene zaganizidwa.

"Chaka chino si cha masewera, mayi a Happiness. Kukubwera anthu akumpoto. Anthu aja ndi asukulu, ndipo munthu amamuyeza ndi mbale."

Obwerawo anali Chawezi, mlangizi wa zaulimi amene ankafuna kukwatira Madalo, ndi amayi ake, a Loyce, ochokera ku Rumphi. Madalo anali mwana wa a Alesi, achemwali aakulu a Bambo Kaliati, amene ankalima mpunga kumudzi kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Monga malume, Bambo Kaliati analamula kuti alendo adzadyere kwawo, pakuti kwawoko kunali simenti pansi ndi tebulo lagalasi. Chimene ankafuna n'chimodzi: a Loyce akabwerera ku Rumphi, akanene kuti mwana wawo walowa m'banja la anthu otsogola.

Kunaganizidwa mpunga wothira karoti, nkhuku yachikuda yokazinga, nyama yambuzi, ndi kabichi wosaphika wa mayonezi. Pamapeto pake, dizeti.

"Dizetiyo ndi keke ija ya chaka chatha," anafunsa a Ethel, "yopserera pansi, pakati phala?"

"Ija inali keke wamba. Iyi ndiphika ndekha. Pamwamba kasitadi, pambali nanazi."

A Alesi anafika dzulo lake la Khirisimasi pa kabaza, Madalo ali pa kabaza wina m'mbuyo. Anatsitsa thumba la mpunga, kenako mphika wakuda wokulunga m'chiguduli. Bambo Kaliati anauzindikira usanavundukulidwe. Munali kalongonda.

Kalongonda ndi nyemba zamakani. Umaziwiritsa, kuzisenda, kutaya madzi akuda bii, kuthira ena, kuwiritsanso, mpaka nkhuni kudandaula. Ukathamangira kudya asanapse, mutu umazungulira, umasanza, ena amati umapenga kumene. Makolo awo atamwalira, a Alesi anawalera achimwene awowa ndi kalongonda yemweyu. Koma ku ofesi, anzawo ochokera m'maboma ena akayamba kuseka Alomwe ndi kalongonda wawo, Bambo Kaliati ndiwo ankaseka mokweza kuposa onse.

M'mawa wa Khirisimasi azimayi akupita kutchalitchi, a Alesi anasiya mphika ukubwata pamafuwa m'khitchini yakuseri.

"Achimwene, muzisonkhezera. Moto usazime, akadali kutali ameneyu."

Bambo Kaliati anatsala ndi keke yawo. Atangomaliza kusakaniza ufa ndi mazira, magetsi anazima. Anaima pakhomo la khitchini akuyang'ana mphika wakudawo ukupuma thovu, fungo lake likufika mpaka pa tebulo lagalasi. Anautsitsa, n'kukauika m'chipinda cha katundu kuseri kwa matumba a feteleza, n'kuufunditsa chiguduli. Pamafuwa anaikapo poto wa mchenga, keke m'kati, makala pamwamba pa chivundikiro. Anadziuza kuti vuto ndi magetsi. Mbaula inali pakona pomwepo, makala ali tho, koma sanayang'aneko.

A Alesi atabwera, anayang'ana pamafuwa.

"Mphika wanga?"

"Wapumako kaye, achemwali. Lero tili ndi alendo."

A Alesi anawayang'ana ngati mmene ankayang'anira munda wampunga mbalame zitadutsamo. "Chabwino, bwana," anatero, n'kumanga chitenje, n'kuyamba kusosola nkhuku. Chibadwire sanawatchulepo bwana. Bambo Kaliati anakavala jekete, koma liwulo linalowa nawo m'jeketemo.

Alendo anafika masana dzuwa likuswa mtengo. A Loyce anali mayi wamfupi wa magalasi, woseka ndi maso okha. Bambo Kaliati anagawa mipando ngati wapampando wa msonkhano, ndipo a Alesi anapatsidwa wapafupi ndi khomo, akuti kuti mphepo iziwapeza.

Mpunga unatamandidwa. Bambo Kaliati analandira matamandowo m'malo mwa amene anaulima.

"Ndiye kuno mumayankhula Chilomwe?" anafunsa a Loyce.

"Kumidzi uko, mayi. Ine, kunena zoona, ngakhale liwu limodzi sindimva. Sukulu inatichotsa zimenezo."

A Alesi, amene anawaphunzitsa kuyankhula, anapitiriza kutafuna fupa la nkhuku. Madalo anayang'ana m'mbale.

Mbale zitachotsedwa, Bambo Kaliati anaimirira, nakonza tayi. "Tsopano, monga mwa dongosolo, tikulowa gawo la dizeti."

"Pepani amalume," anatero Chawezi, n'kutembenukira kukhomo kumene kunakhala a Alesi. "Amayi, nanga uja munandilonjeza uja? Amayi angawa kuchokera ku Rumphi nkhani ndi yomweyo."

"Mwana uyu akaimba foni ndi kalongonda, kalongonda," anatero a Loyce. "Akuti akapita kukayendera minda, amakhala pakhonde panu mpaka mbale kuyera. Ndinati ndisafe ndisanalawe chimene chandilanda mwana."

A Ethel anayamba kupukuta tebulo pamalo poyera kale. A Alesi anapukuta manja pachitenje.

"Sanapse, mwanangu. Nkhuni zanga zinali zaziwisi. Ndalakwa ndine."

Apa munthu wanzeru akanakhala pansi. Koma Bambo Kaliati anaona kuti mphepo yatembenuka, ndipo sanafune kuti ku Rumphi kukamveke zoti mlendo anapempha chinthu m'nyumba mwawo n'kusowa.

"Wapsa! Achemwaliwa ndi amanyazi chabe. Mphikawo ndinauyang'anira ndekha. Kalongonda ndi chakudya chathu chamakolo, ife timanyadira."

"Achimwene," anatero a Alesi motsitsa.

Iwo anali atatuluka kale. Kunamveka matumba a feteleza akukokedwa, ndipo aliyense patebulo anamva bwino lomwe kumene kalongonda wonyadiridwayo ankasungidwa. Anabwera ndi mbale yagalasi, yomwe ija inakonzedwera nanazi, n'kuiika pakati. Nyembazo zinkaoneka zofewa ndithu, kwa munthu amene anasiya kalekale kuziyang'anitsitsa.

"Mwini nyumba amayamba," anatero, n'kutapa dzanja lodzaza, n'kuponya m'kamwa.

A Alesi anakuwa liwu limodzi. Linali la Chilomwe, lomwe lija ankawakalipira nalo ali kamwana akatola zapansi n'kuika m'kamwa: lavula! Mpando unagwa. Bambo Kaliati asanathe n'kuphethira komwe, a Alesi anali atafika, dzanja lina litagwira tayi, lina litatambasulidwa pansi pa chibwano.

Bambo Dominic Kaliati, wosunga makiyi, malume, analavulira m'dzanja la achemwali awo. Zonse. A Alesi anafunsanso m'Chilomwe ngati ameza, ndipo iwo anayankha m'Chilomwe chomwecho, chosalala bwino, ndi mawu a mwana wogwidwa, kuti ayi achemwali, sindinameze, ndithu sindinameze.

"Tsegula pakamwa, iwe Dominiki."

Anatsegula.

A Loyce anachotsa magalasi, nawapukuta, nawavalanso. "Sukulu zakuno n'zachifundo," anatero. "Zimasiyako pang'ono."

Palibe anaseka, ndipo Bambo Kaliati akanakonda anthu akanaseka. A Ethel anawapatsa kapu ya madzi otsukira m'kamwa. A Alesi anatuluka ndi dzanja lawo lofumbata, ndipo patapita kanthawi kunamveka mphika ukukwera pamafuwa.

"Akadali kutali kalongondayo?" anafunsa a Loyce kukhomo.

"Mpaka mawa, mayi."

"Ndiye tinyamuka mkuja. Chawezi, tenga mpandowu." Anaganizanso. "Ayi, usiye. Kuli mphasa?"

Mmodzimmodzi anapita kuseri. Keke anaitenga Madalo, ndipo inali itapsa bwino koposa keke iliyonse imene inaphikidwapo m'nyumbamo, yofewa mpaka pakati. Anaidyera m'khitchini, akubenthula ndi manja, utsi uli m'maso. Kasitadi anaiwalika pawindo, ntchentche n'kuchita naye Khirisimasi.

Bambo Kaliati anatsala okha patebulo lagalasi. Pagalasipo ankaona nkhope yawo ndi tayi wopindikira kumbali. Kuseri kunkamveka a Loyce akufunsa kuti madzi amatayidwa akada bwanji, a Alesi akuyankha, kenako awiriwo akuseka, atayamba kale kutchulana asewere. Zimene zikakambidwe ku Rumphi zinali zitadziwika, ndipo dizeti munalibemo.

Anavula jekete. Anavula tayi. Anakaima pakhomo la khitchini ngati munthu wodzapempha moto. Kuseka kunachepa. A Alesi sanadzutse mutu. Anangotambasula dzanja n'kuwapatsa chiguduli chogwirira mphika.

"Madziwa ada. Akatayidwe kudzala, osati pamene nkhuku zimadya." Anasonkheza chikuni. "Mwamva, kapena ndinene m'Chilomwe?"

"Ndamva, achemwali."

Ananyamula mphikawo ndi manja awiri, nthunzi ikuwapsereza kumaso, n'kudutsa nawo pakati pa alendo.