Matayala Obwera ndi Njinga

Kuseri kwa malo omwetsera mafuta kunali kashedi ka malata komatira matayala, ndipo pafupi ndi pampu panali benchi yopendekeka ya thabwa limodzi. Loweruka lililonse m'mawa, a Telala ndi a Wayilesi ankakhala pa benchiyo n'kumakangana. A Wayilesi ankagwira ntchito kudepoti ya mabasi, ndipo dzinali anawapatsa chifukwa akayamba kuyankhula panalibe pozimitsira. A Telala, munthu wozolowera kuluma mapini posoka, mawu awo anali ochepa, koma akatuluka ankabaya.

Mkangano wake unali umodzimodzi: matayala amene njinga yamoto imabwera nawo kuchokera kufakitale. Awiriwa anagula njinga zofanana chaka chimodzi. A Wayilesi anachotsa matayala awo asanade n'komwe, n'kuikapo ena ofewa. A Telala anasiya awo momwemo.

“Amenewo si matayala, achimwene, ndi sopo,” a Wayilesi ankatero uku akukhoma tayala la a Telala ndi nsonga ya nsapato. “Mvula ingowaza pang'ono, pakona mudzavina ng'oma isanalire.”

“Anu ofewawo msewu ukuwadya ngati buledi,” a Telala ankayankha. “Chaka chisanathe mwasintha kale.”

“Bola kutha tayala kusiyana n'kutha khungu!”

Ena okwera njinga ankabwera kudzasonkhezera moto. Wina woperekera katundu m'maofesi ankati matayala a kufakitale alibe vuto msewu ukakhala wouma, kungoti m'mawa amachedwa kutentha. Mphunzitsi wina ankadandaula kuti lakumbuyo limatha pakati pokha, n'kuphwatalala ngati lamba. Mwini shedi akamufunsa maganizo ake, ankangoseka. “Ine yanga ndi mpweya, akuluakulu. Za sopo ndi buledi mukafunse kugolosale.”

Loweruka lina a Wayilesi sanabwere. A Telala anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu, kenako anamva kwa mwini shedi kuti mnzawoyo anagwa kuntchito. Anali atachita sitiroko. Mbali yakumanja inafa, ndipo pakamwa paja, pamene panalibe pozimitsira, panatsekeka.

A Telala ankapita kukawaona, kuchipatala ndiponso kunyumba atatuluka, koma ulendo uliwonse unkawalemera. Moyo wawo wonse iwo anali munthu woyankha. Kuyambitsa nkhani sankadziwa. Ankangokhala pampando, chisoti chili pamaondo, n'kufunsa ngati agona bwino. A Wayilesi ankagwedeza mutu. Zikatero onse awiri ankayang'ana khoma mpaka mwana wamkazi wa a Wayilesi, amene anabwera kudzasamalira bambo ake, abweretse tiyi.

Kubenchi sanasiye kupita, koma anthu anasintha. Mphunzitsi uja anamusamutsa, woperekera katundu anagula kagalimoto. Amene ankabwera tsopano anali achinyamata a zisoti zonyezimira, odikira tayala maso ali pafoni. Tsiku lina a Telala anayesa kuwaputa.

“Matayala a kufakitale ndi amene amalimba. Enawa n'kungotaya nthawi.”

“Zoona, madala,” anayankha mmodzi, osadzutsa mutu.

A Telala anatembenuza nkhani dala. “Komabe pamvula amaterera ngati sopo. Munthu wanzeru amawachotsa tsiku lomwelo.”

“Eee, zoona, madala.”

Ananyamuka osatsanzika. Kunyumba kunalibe wowafunsa kuti abwereranji msanga. Akazi awo anamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo ali kutali ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo. Chipinda chakutsogolo ndiye chinali chosokeramo: makina pafupi ndi windo, tebulo lodulirapo nsalu, choko, ndi mabuluku a anthu atapachikidwa pamsomali. Anakhala pamakina n'kupinda buluku la munthu wina, ndipo atamaliza anapeza kuti mwendo wina wafupika. Anaphwasula, n'kuyambanso.

Mvula itayandikira, mwini shedi anagwada kumbuyo kwa njinga yawo, napukusa mutu. “Bwana, ili lokha lapuma pantchito. Pakati pasalala ngati dazi. Ndikakusiyani mupite nalo, mlandu udzakhala wanga.”

A Telala anavomera, koma anati aikepo la mtundu womwewo. Lakale lija atalivula, mwini shedi anafuna kuliponya pamulu wa akutha. Iwo analilanda, nalimangirira pampando wakumbuyo ndi lamba, n'kulunjika kwa a Wayilesi.

Anawapeza pakhonde, pa njinga ya odwala, bulangete lili pamiyendo. Sanapereke moni. Anangoliika tayalalo pabulangetepo, fumbi ndi zonse.

“Sopo wanu uja ndi ameneyu,” anatero. “Lero ndi pamene watha. Anu a buledi munasintha kangati m'zaka zonsezi? Ndipo sindinagwepo, ngakhale kamodzi.”

A Wayilesi analiyang'ana tayalalo nthawi yaitali. Kenako dzanja lamanzere linatuluka m'bulangete. Chala chachikulu chinayenda pakati posalala paja, chinatsikira m'mbali, ndipo chinaima. M'mbalimo mano a tayala anali akuya ngati atsopano, timinga ta labala ta kufakitale tidakalipo. A Wayilesi anakoka kamunga kamodzi, nayang'ana mnzawo. Theka la nkhope linakwera m'mwamba, phewa linayamba kugwedezeka, ndipo kukhosi kunatuluka kaphokoso ngati ka pampu yotha.

Ankaseka.

“Mukufuna kunena chiyani?” a Telala anakwiya zenizeni. “Kuti ndimaopa kona? Kuti sindipendeketsa njinga?”

A Wayilesi anamenya tayalalo ndi chikhatho, kuvomereza. Anaimika dzanja lija chilili, n'kuliyendetsa pang'onopang'ono mumlengalenga, monga a Telala akhotera pamphambano ali njo ngati anyamula mazira pamutu.

“Ndiye kuyendetsa kwanzeru kumeneko! Inu munkagona pakona ngati mukufuna kutola ndalama yogwa. Chigongono chija munachisupula ndi matayala ati? Si ofewa omwewo?”

Dzanja linakana, linaloza kumwamba, linawaza zala pansi: tsikulo kunali mvula, ndiponso mchenga. A Telala anati mchenga suwerengedwa. Dzanja linati umawerengedwa. Anakangana choncho mpaka mthunzi wa nyumba unafika pageti, wina ndi pakamwa, wina ndi zala zisanu. Tiyi anazizira patebulo. Mwana wamkazi uja anaima pakhomo atapinda manja, osadandaula za bulangete lodetsedwalo.

Powaperekeza a Telala kugeti, mwanayo anayamba ndi kuthokoza. “Adadi sanasekepo chidwalireni. Zikomo, amalume.” Kenako anayang'ana pansi. “Koma ndimafuna ndikuuzeni. Tchuthi changa chatha, ndiyenera kubwerera kuntchito. Ndikuwatenga tikakhale limodzi. Kumeneko kuli madokotala owongola ziwalo. Nyumba ino tiikamo anthu.”

“N'kutali?”

“Basi imayenda tsiku lonse.”

A Telala anamanga lamba wa chisoti, nammasulanso. “Mwachita bwino, mwanangu. Munthu amachira pakati pa ana ake.”

“Njinga yawo yamoto ndiye sitingaitenge. Ndikanena zogulitsa amakalipa ndi maso. Mungatisungire?”

Tsiku la ulendo a Telala anafika m'mawa, nathandiza kunyamula mnzawo kumukweza m'galimoto. Anali wopepuka kuposa mmene ankaganizira. Anawakonzera kolala ya malaya, imene inali itapindika, ndipo a Wayilesi anawagwira dzanja mwamphamvu mpaka dalaivala analiza injini. Galimoto itakhota, pabwalo panatsala iwo ndi njinga.

Inakana kulira. Batire inali itafa, matayala ataphwa chifukwa chokhalitsa. Anaikankha wapansi, kudutsa pamsika, pamalo oimikira mabasi, mpaka kukwera kamtunda ka kwawo, akupumira pamthunzi uliwonse. Anthu ankawalambalala. Wina anafuula kuti, “Mafuta athera panjira, madala?” Iwo anangokweza dzanja.

Kukhonde kunali malo a njinga imodzi yokha, choncho ya a Wayilesi anailowetsa m'chipinda chosokera. Anasuntha tebulo, naiimika pakati pa makina ndi khoma, n'kuyala katoni pansi pake kuopa mafuta.

Madzulo kunabwera bambo wina kudzayesa suti ya ukwati wa mwana wake. Polowa anachita kupanikizika ndi chiwongolero.

“Mwayamba kugulitsa njinga, a Telala? Imeneyi mukuti bwanji?”

“Ili ndi mwini wake.”

“Ali kuti?”

“Wapita kaye kwa mwana wake,” anatero a Telala, natenga tepi m'khosi. “Tatambasulani manja, bambo. Imani mowongoka.”