Masamba a Maliro a Mayi

Chakufwa adaponda mabuleki mwadzidzidzi, moti bokosi lidasendera kutsogolo n'kugunda chitsulo cha pikapu. Benedeta, amene adakhala kumbuyoko ndi azakhali ake, a Magdalena, adalikumbatira ndi manja onse awiri. M'bokosimo mudagona mayi ake, amene adamwalira dzulo lake kuchipatala ku Namitete.

"Kodi mwatani, adalaivala?" adakuwa Benedeta. "Mukuyesa mwanyamula matumba a chimanga?"

Chakufwa adatsika n'kuloza kutsogolo. Chapatali, pokhotera kumudzi kwawo kwa Benedeta, nthambi za masamba aawisi zidali zitayalidwa mopingasa msewu. Pafupi pake padaima amuna ambirimbiri, ena atanyamula makasu, ena mapiki ndi nkhwangwa.

"Ine pamenepo sindifikapo, mayi."

"Amenewo ndi masamba a maliro! Maliro ake ndi omwe mwanyamulawa. Anthu mukuwaonawo ndi adzukulu, akuchokera kokumba manda."

"Lachiwiri lapitali ndinaganizanso choncho," adatero Chakufwa. "Ndinaona masamba cha ku Mpingu, ndinachepetsa liwiro, ndi chipewa chomwe ndinavula. Chimene ndinalandira ndi chimwala pagalasi. Taonani ming'aluyi. Galimotoyi si yanga, ndipo ndili ndi ana anayi."

Mwezi umenewo udali wachitatu chiyambire zionetsero zotsutsa boma. Zidayambira m'tauni, kenaka zidatsata msewu wa ku Mchinji mpaka kumidzi. Matayala ankayaka pa phula, masitolo ankatseka masana, ndipo akuluakulu amene adaona othawa nkhondo a ku Mozambiki ankapukusa mitu n'kumati nkhondo yapachiweniweni imayamba chonchi. Koma chonyansa kwambiri n'chimene anyamata otseka misewu adatulukira. Adadziwa kuti munthu woleredwa bwino akaona masamba pamsewu amachepetsa liwiro, wapanjinga amatsika, wa wailesi amazimitsa. Tsono iwo adayamba kuyala masamba popanda maliro, kuti galimoto zikaima azizigwira bwino. Ulemu wa akufa adausandutsa msampha.

"Chaona mnzako chapita, bambo, mawa chili pa inu," adatero a Magdalena. "Inunso adzakunyamulani."

"Adzandinyamule mawa lomwelo, osati lero," adayankha Chakufwa, uku akutsegula chitseko cha kumbuyo.

Amayi awiriwo adadandaula, adagwada, koma munthuyo adali atauma khosi. Adati akapanda kutsitsa bokosilo abwerera nalo ku Namitete. Motero adalitsitsa atatuwo, n'kuliika pa udzu m'mbali mwa msewu, pafupi ndi mulu wa phulusa la matayala. Pikapu idatembenuka n'kuthawa. Benedeta adavula chitenje chapamwamba n'kufunditsa bokosilo. Mayi amene adasesa m'tchalitchi zaka makumi atatu, lero atulidwe pamsewu ngati mtolo wa nkhuni!

Adzukulu aja ataona zimenezi adabwera chothamanga. Patsogolo padali Alick, mlongo wake wa Benedeta, dothi lofiira la kumanda lili mbuu m'miyendo.

"Galu ameneyo wapita kuti?" adakalipa Alick. "Nambala yake mwaiona? Akadzangodutsa pano, galimotoyo tidzaiotcha!"

"Udzaotche ndi ine ndemwe," adatero Benedeta. "Wathawa chiyani munthu uja? Si masamba? Adaphunzitsa madalaivala kuopa masamba ndani? Sabata zonsezi umabwera kunyumba ndi manja onunkha utomoni, mayi ali gone pamphasa."

"Achemwali, ife timamenyera dziko. Feteleza mukumugula bwanji? Mankhwala a mayi munawapeza kuti? Si tinachita kugulitsa mbuzi?"

"Usandiphunzitse mavuto, ndimawadziwa kuposa iwe. Akuba ali ku tauni, amayenda ndi apolisi kutsogolo ndi kumbuyo. Ndi liti adaima pa masamba ako? Amene amaima ndi osauka anzako, anthu aulemu. Walira mvula walira matope, Alick. Matope ako ndi awa. Nyamula."

Alick adayang'ana anzake, koma onse adali atazyolika. Adataya khasu n'kugwira kumutu kwa bokosi. Adayenda nalo mtunda wonsewo dzuwa lili pamutu, a Magdalena akuyambitsa nyimbo ndi mawu osasa.

Atafika pasiwa, amayi a Legio adalandira mnzawo ndi kulira kwakukulu. Benedeta adayang'ana pansi pa mtengo wa mango pamene adakonza tebulo la Misa. Nsalu yoyera idalipo, makandulo adalipo, koma mpando wa wansembe udali wopanda munthu. Atamwalira mayiwo, Bambo Mfumu adalonjeza okha kuti adzabwera kudzachita Misa pakhomo, ndipo mayiwo ali moyo sadapemphe china koma chimenecho.

Akatekisiti adamuitanira pambali. "Abambo anyamuka kale kuparishi," adanong'ona. "Koma afika pamtunda paja, aona masamba a mbali inayo, ndiye mnyamata wowayendetsa wakana. Abwerera mpaka pa sitolo. Paja mwezi watha anawaswera nyali za galimoto. Akuti akamva kuti msewu uli poyera abwera, koma ikakwana thuu koloko apita kukadzoza wodwala."

Benedeta adati masambawo achotsedwe. Nkhaniyo itamveka, amalume ake adadzuka pa mpando. "Ayi! Maliro opanda masamba ndi a nkhuku kodi? Chibadwire changa sindidaonepo. Anthu adzadziwa bwanji kuti pano pagwa zovuta?"

"Malume, amene akudziwa afika kale," adayankha Benedeta. "Amene sadafike ndi mmodzi, ndipo ndi yemwe mayi akumudikira."

"Tsono mlongo wanga apite ngati mlendo m'mudzi mwake?"

Benedeta adalira pamenepo, kulira kwa mkwiyo. Zidamuwawa kuti akusankha pakati pa zinthu ziwiri zimene mayi ake adayenera kulandira zonse, popanda kupempha munthu. Adapukuta misozi n'kutembenukira kwa mlongo wake.

"Alick, kuyala masamba umakudziwa bwino. Lero kawachotse. Mbali zonse ziwiri, usasiye ndi tsamba limodzi."

"Achemwali, atumeni ena."

"Ayi, iweyo."

Alick adapita yekha. Anthu adamuona akukoka nthambi imodziimodzi n'kumaziponya m'ngalande, kenaka akutola ndi manja timasamba totsalira pa phula. Akatekisiti adaimba foni, ndipo pasadathe theka la ola galimoto ya kuparishi idakhotera m'mudzi.

Misa idayamba. Wansembe atakweza chikho, anthu onse atagwada, pamsewu padadutsa minibasi ili pa liwiro, wailesi ili pamwamba, kondakitala akuitanira a ku Lilongwe. Pambuyo pake padadutsa wakabaza akuimba mluzu, osatsika, osavula chipewa. Sadalakwe, pakuti padalibe chowauza. Amalume adaphimba nkhope ndi manja. Alick adagwada kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi msewu, ndipo adamva galimoto iliyonse imene idadutsa mpaka Misa idatha.