Petulo wa Ankhoswe

A Kalimu Sumaili a ku Kanjedza anali munthu wofatsa pa zonse kupatula chinthu chimodzi. Mukanawaponda phazi mu minibasi, opepesa akanakhala iwo. Mukanabwereka wilibala yawo n'kuibweza yopanda tayala, akanangoti zimachitika. Koma kungoyerekeza kutsamira Rover yawo, pamenepo ndiye munkawadziwa bwino.

Galimotoyo inali ndi zaka zambiri kuposa ana awo onse. Malemu bambo awo anaiyendetsa zaka zambiri ali dalaivala wa mwini sitolo wina mu Limbe, ndipo bwanayo pochoka m'dziko muno anawasiyira. Chiyambire nthawi imeneyo, mwana wamkazi aliyense wa kwa Sumaili ankapita ku banja lake atakhala kumbuyo kwa Rover. Tsopano kunatsala Sabiha yekha, mzime wawo, amene ankakwatiwa ku Chilobwe.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali petulo. Galimotoyo ikangoyamba chitunda, injini inkagogoda ngati muli timiyala m'chitini. A Ellard, makaniko wawo wa ku Mbayani, anaimvetsera tsiku lina n'kupukusa mutu.

“A Sumaili, injini iyi si ya masiku ano. Imafinya mafuta kwambiri. Petulo wofooka sapirira kufinyidwa, amayaka nthawi yake isanakwane, ndiye amamenya pisitoni pamutu ikadali kukwera. Kugogoda mukumvaku n'kumeneko. Taimingi ndabweza kale mpaka pomwe ingathere. Chatsala n'kukweza okiteni, mphamvu ija imapangitsa petulo kupirira. Mukapanda kutero pisitoni idzabooka, ndipo ya galimoto iyi simudzaipeza ngakhale mutagubuduza Limbe yense.”

Mawu amenewo a Kalimu anawatenga ngati a dokotala. Anachonderera mnzawo woyendetsa mathiraki mpaka anawabweretsera timabotolo ta mankhwala okwezera okiteni kuchokera ku Joni. Inali nyengo ija mafuta anasowa m'tauni, mizere ya magalimoto n'kumakhota mpaka kuseri kwa masitolo. Munthu wamkulu, wa imvi zake, anaima padzuwa mpaka khosi kupsa kuti apeze petulo weniweni wa pa pampu. Sanadzaze thanki, koma anapeza wokwanira ulendo wa ku Chilobwe ndi kubwerako. Anayeza mankhwala aja ndi kachivindikiro mosamala ngati akumwetsa khanda, n'kukayesa galimoto pa chitunda chomwecho cha ku Chilobwe. Inakwera osatsokomola n'kamodzi komwe. Anabwerera kunyumba akuimba, mpaka akazi awo a Halimatu anafunsa ngati atola chinthu panjira.

Tsiku la ukwati, mwambo wa kumzikiti utatha, anthu anadzaza pabwalo la a Kalimu kudikira kuperekeza mkwatibwi. Rover inali pakati, itavala maliboni oyera, ikunyezimira. A Kalimu anangolowa m'nyumba pang'ono kukasintha nsapato zimene zinkawaluma. Ali chiweramire, anamva nthungululu panja, zamphamvu kuposa za poyamba. Anaganiza kuti Sabiha watuluka. Anasuzumira pakhomo.

A Nasoro, amalume a mkwati, amenenso anali ankhoswe a kuchimuna, anali ataima pambali pa Rover atanyamula chigubu chachikasu chozondoka. Pakamwa pa thanki panali botolo lodulidwa. Madontho omaliza anali kutsika, ndipo amayi ankavina mozungulira.

“Asalamu alaikumu, a Sumaili!” anafuula a Nasoro, nkhope ili mwee. “Ife a kuchimuna sitibwera chimanjamanja. Kale tikanabwera ndi mbuzi, koma masiku ano mbuzi aliyense angaipeze. Ife tabwera ndi petulo! Thanki ladzaza mpaka pakhosi. Mpongozi wathu asaime panjira.”

Anthu anaomba m'manja. A Kalimu anayandikira, ndipo asanafike n'komwe fungo linawalonjera. Anagwira botolo lija, n'kupaka chala, n'kununkhiza. Chala chinatsala chonona. Petulo weniweni amauluka pachala nthawi yomweyo, koma uyu anakakamira. Munali parafini, ndipo sanali wochepa.

“Mwamugula kuti, a Nasoro?”

“Kwa anyamata a zigubu kumsika kwathu. Nanga pa pampu mungapeze chiyani masiku ano? Musadandaule, achimwene. Petulo ndi petulo.”

Petulo ndi petulo! Anatero munthu amene chibadwire sanagwirepo chiwongolero, amene ngakhale njinga amachita kukwezedwa. Ndani anamuuza kuti atsegule thanki la mwini wake? Kodi munthu ungalowe m'khitchini mwa eni n'kuthira madzi a m'chithaphwi mu mphika chifukwa choti nawonso ndi madzi? Masiku onse aja a padzuwa, timabotolo tochokera kutali tija, kuyeza konse kuja, munthu mmodzi wa mtima wabwino anaziwononga akumwetulira, amayi akumuimbira nthungululu. Ndipo chimene chinawapweteka kwambiri a Kalimu n'choti munthuyo analidi wa mtima wabwino. Akanakhala mdani bwenzi atamugwira pakhosi.

A Kalimu anatembenuka. Anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kutenga paipi ndi beseni. A Halimatu anawapeza pomwepo, n'kuima panjira.

“Mukupita nazo kuti zimenezo, bambo a Sabiha?”

“Ndikukapopa zonyansa zija. Athira parafini m'galimoto mwanga.”

“Pamaso pa anthu onsewa?”

“Nanga ndikapopere kuti? Mayi, injini ija ifa. Ikakwera chitunda ndi mafuta amenewa, ifa lero lomwe.”

“Ndamva. Tsono inu mukagwade apo, paipi kukamwa, mulavule mphatso ya ankhoswe m'beseni, akuchimuna onse akuonerera. Mawa inu mudzuka m'nyumba mwanu muno. Nanga Sabiha adzuka kuti? Akakhala pakati pa anthu omwewo. Akadzangolakwitsa kuthira mchere, adzamuuza kuti n'chimodzimodzi bambo ake, onyoza za eni. Akadzafuna ankhoswe pa vuto, adzapita kwa yani? Si a Nasoro omwewo?”

“Ndiye akwere galimoto ina.”

“Azichemwali ake onse anapita pa Rover. Iye yekha atsike chifukwa akuchimuna aikhudza? Si kunyoza komweko kumeneko?”

A Kalimu anaima, paipi ili lende m'manja. Anaponya beseni pansi mwamphamvu mpaka nkhuku zinabalalika. Kenako anasamba m'manja, n'kukonza chipewa chawo, n'kubwerera kubwalo.

Sabiha anakhala kumbuyo ndi azakhali ake, nkhope itaphimbidwa ndi nsalu yopyapyala. A Kalimu asanatseke chitseko chawo, a Nasoro anali atadzikhazika kale pampando wakutsogolo, popanda wowaitana. Nanga si mafuta anali awo.

Poyamba zinayenda. Kutsika kuchoka ku Kanjedza injini sinavutike, ndipo a Kalimu ankaponda pang'onopang'ono ngati akuyenda pa mazira. Kumbuyo kunali maminibasi a operekeza, mahutala ali pokopoko, atsikana atatulutsa mitu m'mawindo akuimba. Koma msewu utayamba kukwera cha ku Chilobwe, kaphokoso kaja kanayamba. Poyamba kanali kakang'ono, ngati supuni pa kapu. A Kalimu anatsitsa giya. Kanaleka pang'ono, n'kubweranso kali ndi anzake.

“Imvani, nayonso ikuimba nawo!” anaseka a Nasoro, akumenya chitseko ndi chikhatho motsatira nyimbo. “Pondani, achimwene, anthu akudikira. Mafuta alipo, musaumire.”

A Kalimu analuma mano. Akanatha kumuuza zambiri munthu ameneyu, zoyambira kwa anyamata a zigubu mpaka kwa amene anamusankha kukhala nkhoswe. Anangoyang'ana kutsogolo. Msewu unali wodzaza ndi anthu a kumsika, ogulitsa makala, a kabaza, ana othamangira maliboni, ndipo panalibe poti n'kuthamanga kuti injini ipume. Inkakoka pang'onopang'ono, itanyamula anthu ndi chitunda, ikudzimenya yokha m'kati. Muvi wa kutentha unayamba kukwera. Kugogoda kulikonse a Kalimu ankakumva m'mano mwawo.

Mwa anthu onse a m'galimotomo, mmodzi yekha ndiye ankadziwa tanthauzo la phokosolo. Sabiha anakulira pambali pa injini imeneyi. Anaweramira kutsogolo n'kulankhula motsitsa, kuti amve bambo ake okha.

“Ababa, imitsani. Patsala pafupi. Nditsika, ndiyenda wapansi.”

A Kalimu anamuyang'ana pagalasi. Kuseri kwa nsalu ija maso ake anali atadzaza misozi, ndipo sinali misozi ya ukwati.

“Khala bwino, mwana wanga. Uwononga diresi.”

Anaponda mafuta. Rover inakuwa, n'kukwera chigawo chomaliza chija ikugogoda ngati munthu akukhoma malata. Geti la kwa mkwati litaonekera, lokongoletsedwa ndi nthambi ndi mabaluni, m'kati mwa injini munamveka kuphulika kumodzi kouma. Utsi wabuluu unatuluka kumbuyo n'kukuta minibasi yoyamba. Galimoto inanjenjemera, n'kuzima, n'kungoyenda yokha mwakachetechete mpaka mphuno yake inalowa pageti.

Nthungululu zinang'amba Chilobwe yense. A Kalimu anatsika, n'kuzungulira, n'kutsegulira mwana wawo chitseko monga anachitira ndi azichemwali ake. Sabiha potsika anawafinya dzanja mwamphamvu, ndipo amayi a kuchimuna anamulanda n'kulowa naye akuvina.

A Ellard, amene anabwera pa minibasi ya operekeza, anafika osaitanidwa. Anapempha kiyi, n'kuyesa kuliza. Injini inazungulira mopepuka, ikupuma ngati mvukuto wobooka, osagwira. Anatsegula boneti, n'kuona oyilo atamwazikira paliponse, n'kuitsekanso pang'onopang'ono. Sanafune n'komwe kutenga sipanala.

“Pepani, a Sumaili,” anatero.

A Kalimu anafuna kukhala pomwepo, pafumbi, pambali pa tayala. Koma m'kati mwa mpanda chimkuzamawu chinali chitayamba kale, ndipo woyendetsa mwambo ankaitana bambo a mkwatibwi kuti adzalankhule. Mwambo umafuna kuti mphatso ya ankhoswe ithokozedwe pagulu, ndi mwini wake woilandira.

Analowa. Anawapatsa maikolofoni. Anaona Sabiha atakhala pambali pa mwamuna wake, pakati pa anthu amene tsopano anali ake, akuwayang'ana.

“Tikuthokoza akuchimuna,” anatero a Kalimu, “makamaka a Nasoro, chifukwa cha petulo. Mwana wathu wafika.”

Anthu anaomba m'manja, ndipo amene anaomba kwambiri kuposa onse anali a Nasoro.