Nsapato Zoyera za Kampheta

"Ababa, masitepe awa akuyenda okha," anatero Kampheta, akukoka malaya a bambo ake. "Tikwerenso."

Kanali kachitatu kukwera masitepewo, m'chinyumba chachikulu cha masitolo. A Chidendene, omwe anapatsidwa dzinali chifukwa chosoka nsapato pakona ya msika, anagwiritsa chitsulo cha m'mbali ngati akuwoloka mtsinje wodzaza.

"Mukuchita mantha inu," mwanayo anawaseka.

"Mantha ati? Ndikungodandaula. Anthu akasiya kuyenda ndi miyendo yawo, nsapato sizidzatha, ndiye ife tidzadya chiyani?"

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa bamboyo sikunakhalitse. Mmawa wa tsikulo, mayi a Kampheta, omwe anasiyana nawo banja kalekale, anawauza atayima pachipata kuti mwamuna wawo watsopano wapeza ntchito kutali, ndipo anyamuka mawa.

"Mwanayu ndi wanunso," anatero mayiwo. "Mukafuna kuti atsale, atsala. Mundiyankhe pobwera naye madzulo."

Yankho anali nalo kale. Ankafuna kuti atsale, ngakhale kwawo kunali kachipinda kamodzi konunkha guluu, ndipo sukulu yabwino inali komwe amapita mayi ake. N'chifukwa chake anatseka kabenchi kawo Loweruka, tsiku la makasitomala, kuti mwanayo aone kuti kukhala ndi bambo ake n'kokoma.

Ndipo kunakomadi. Anadya ayisikilimu mpaka kudontha m'zigongono. Anadziyang'ana m'magalasi a masitolo, Kampheta akusankha madiresi onse ndi chala. Chimodzi chokha chinkawalasa mtima a Chidendene: nsapato zoyera zonyezimira zomwe mwanayo anavala, zogula bambo winayo. Ataziona kamodzi mmawa uja, sanafunenso kuziyang'ana.

Potuluka m'chinyumba cha masitolocho anapeza khwimbi la anthu likuonerera anyamata ovina. Wina anawagunda paphewa, dzanja linapulumuka, ndipo atacheuka mwana panalibe.

Munthu wina akanayang'ana nkhope za anthu. Koma a Chidendene anakalambira pansi, ndipo ankadziwira anthu kumapazi. Anawerama n'kuyamba kufunafuna pakati pa miyendo. Anaona majombo, masilipasi, zidendene zodyeka mbali imodzi, nsapato za azimayi zosongoka. Maso awo ankasaka tinsapato tofiirira tokhala ndi chigamba kuchala chachikulu, tomwe anasoka okha.

"Madala, mwataya chiyani pansipo?" anafunsa wogulitsa mabaluni.

"Mwana."

"Ndiye mukum'funa pansi ngati batani? Wavala chiyani?"

"Nsapato zofiirira, zachigamba..."

Anaima pomwepo. Tinsapato timeneto tinam'thina chaka chatha. Anali kufunafuna mwana amene anakula kale iwo kulibe. Zinawawawa kwambiri. Anayambiranso, tsopano akusaka zoyera, koma zoyera zinali mbwee, ndipo zonse zinali za ana a eni ake.

Kenaka, pafupi ndi chipilala, anaona timapazi topanda nsapato. Chala chachiwiri chinali chachitali kuposa chachikulu, ngati chawo chomwe.

Kampheta anali atakhala pansi, nsapato zoyera zili pamiyendo, masaya atanyowa.

"Ndinadziwa kuti mundipeza," anatero. "Inu mumayang'ana pansi, ndiye ndinakhala pansi."

Anam'kumbatira. Ndipamene anaona matuza awiri kuzidendene, limodzi litaphulika.

"Zikukuluma chiyambire mmawa? Bwanji osanena, mayi iwe?"

"Mukanati tibwerere kunyumba. Komanso amama anati ndizizolowere, ndi za pa ulendo."

"Ulendowo ukuufuna?"

Mwanayo anapotokola chingwe cha nsapato kwa kanthawi.

"Ndikufuna kupita ndi amama. Koma inu mutsala ndi ndani?"

Mawu onse omwe a Chidendene anakonza chiyambire mmawa anasungunuka. Anaona kuti akangoti "tsala," mwanayo atsala, ndipo adzapirira mwakachetechete monga anapiririra matuzawo tsiku lonse.

"Nditsala ndi nsapato za anthu," anatero. "Sizitha zimene zija, ngakhale masitepe aziyenda okha."

Anakhala pansi pambali pake, anthu akuwalambalala. M'thumba anatulutsa kachidutswa ka kandulo komwe amapakira ulusi. Anatenga nsapato yoyamba, naipinda kumbuyo, naikanya ndi zala zazikulu mpaka italobodoka, kenaka anaipaka kandulo m'kati. Zinali nsapato zabwino, anavomereza mumtima, kungoti wogulayo sankalidziwa phazi lake. Anachita chimodzimodzi ndi inzake, mosafulumira. Anang'amba kampango kawo pakati n'kumanga matuza aja.

"Taponda tione."

Kampheta anayenda mpaka pachipilala china n'kubwerera.

"Sizikulumanso, ababa."

"Basi, zikafika nawe."

Dzuwa litapendeka anafika pachipata paja. Mayi a mwanayo anatuluka akupukuta manja, maso ali pa iwo, kudikira yankho. A Chidendene anayang'ana pansi monga mwa chizolowezi chawo.

"Phazi lake lakumanzere ndi lalikulupo pang'ono," anatero. "Mukawauze bambowo kuti pogula nsapato aziyamba kumuyesa limenelo."