Mtanda wa Pensulo Kuseri kwa Khadi

Pachipatala onse ankamutchula kuti a Manambala, ndipo iye anasiya kalekale kulimbana nalo dzinalo. Ofesi yake inali kumapeto kwa khonde, moyandikana ndi kochapira zofunda za odwala, moti mapepala ake ankanunkhira sopo chaka chonse. Jekeseni sankaigwira, magazi sankafuna n'kuwaona komwe. Ntchito yake inali kutenga mbiri ya odwala khansa ya m'matumbo amene anadutsa pachipatalapo m'zaka zisanu ndi zitatu, n'kujambula pa kompyuta mzere woonetsa kuti mwa anthu amene ayamba mankhwala, ndi angati amakhala akadali moyo pakatha chaka, zaka ziwiri, zaka zitatu.

Mzerewo unkaoneka ngati masitepe otsika. Unkayambira pamwamba, onse ali moyo, ndipo wina akamwalira unkatsika sitepe imodzi. Vuto linali la anthu amene ankangosiya kubwera. Wina wasamuka, wina watopa ndi kufola, wina wapita kukayesa kwina. Oterewa Manambala sankawataya komanso sankawapha. Ankawawerenga ngati amoyo mpaka tsiku limene anaonekera komaliza, pamenepo n'kuika kachizindikiro pa mzere, n'kuwachotsa m'gulu. Masamuwo ankatenga kuti osowawo zinawayendera ngati mmene zikuyendera kwa amene akubwerabe. Aliyense wa ntchito imeneyi amachita choncho, ndipo Manambala ankanyadira kuti njira yake sinamizira munthu imfa.

Ndiye chaka china matendawa analowa m'nyumba mwawo. Anagwira achimwene ake, mmisiri wa matabwa, munthu amene anamulera bambo awo atamwalira. Tsiku limene anamva zotsatira anabwera ku ofesi kwake utuchi uli m'tsitsi, nakhala m'mphepete mwa mpando ngati mlendo.

"Madokotala akungozungulira," anatero. "Iwe ndiwe wowerenga. Anthu onga ine amatha zaka zingati?"

Manambala anatembenuza kompyuta, nawalozera ndi chala pamene panali zaka zitatu. "Pa anthu khumi, asanu ndi awiri amafika apa ali moyo, achimwene. Ambiri amapitirira."

"Asanu ndi awiri?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Kusukulu ndikanapeza zimenezo bambo akanandiphera nkhuku. Basi, nthawi ilipo."

Tsiku limenelo Manambala anasangalala kuti masamu ake atonthoza munthu. Sanadziwe kuti wawapatsa loko wotsekera makutu awo. Achimwenewa anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, amene anachoka pakhomo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo atakana ntchito ya matabwa n'kusankha kuyendetsa malole. Anakangana, analankhulana mawu amene sabwezeka, ndipo chichokereni sanamvanenso. Matenda atadziwika, mkazi wawo, mlamu wake wa Manambala, anawachonderera kuti mwanayo auzidwe. Iwo anakanitsitsa. Anati adzapita okha thupi likabwerera, osati kukaonekera mafupa okhaokha kuti mwana aziganiza kuti abwera kudzapempha chisoni. Ndipo aliyense wowakakamiza ankamuyankha chimodzimodzi: asanu ndi awiri pa khumi, kafunseni mchemwali wanga. Kuuma mutu kunali kwawo kobadwa nako, koma tsopano kunali ndi umboni wa sayansi.

Panadutsa miyezi isanu. Tsiku lina Manambala anapeza odwala khumi ndi awiri amene madeti awo sankagwirizana, wina akuoneka kuti anayamba mankhwala asanabadwe. Anatenga mndandandawo natsikira kuchipinda chosungira makadi. Zaka zonse zimene anagwira ntchito pachipatalapo anali asanapondemo, chifukwa zonse zinkamupeza zitalowetsedwa kale mu kompyuta.

Chipindacho chinali chozizira, mashelefu mpaka kudenga. Mwini wake anali akalaliki, bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi ulusi, amene ankayenda pakati pa mashelefuwo osayang'ana n'komwe zolembedwa pa mabokosi. Anatulutsa makadi onse khumi ndi awiri madzi a tiyi asanawire.

Khadi lachitatu linamupulumuka Manambala n'kugwa chafufumimba. Akulitola anaona kuseri kwake kamtanda kakang'ono ka pensulo, pambali pake deti. Anayang'ana pa mndandanda wake. Munthuyo, mayi wa zaka makumi asanu, analembedwa kuti sanabwerenso.

"Bambo, kamtanda aka n'kachiyani?"

Akalaliki anasendeza magalasi. "Amenewo anatisiya. Mwana wawo ndi amene anadzandiuza."

"Nanga bwanji kutsogoloku simunalembe?"

"Kutsogolo kumalembedwa zokhala ndi chikalata, mayi. Munthu akamwalirira m'wodi, pepala limatsika lokha, ine n'kulemba ndi inki. Koma womwalirira kunyumba, ndani angakwere basi kudzandipatsa ine pepala? Achibale amangodutsa, mwina kudzabweza mankhwala otsala, mwina kudzathokoza anamwino, n'kuima pazenera apa: bambo aja anatisiya. Kulemba ndi inki popanda pepala anandiletsa ndili mnyamata. Koma kungomva n'kusiya, ngati wandiuza za nyengo, umenewo ndi mwano. Ndiye ndimalemba kuseri."

Manambala anayang'ananso kamtanda kaja. "Amene amalowetsa mu kompyuta amadziwa zimenezi?"

"Iwo amakopera zakutsogolo. Khadi salitembenuza." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, mopanda mkwiyo. "Inunso lero n'koyamba kukuonani kuno."

Mawu amenewo anamulasa, chifukwa anali oona. Masiku atatu otsatira anakhala m'chipindamo akutembenuza makadi, akalaliki akumutulutsira bokosi ndi bokosi. Mwa odwala 400, amene analembedwa kuti sanabwerenso anali 183. Mwa amenewo, 121 anali ndi kamtanda, ndipo ambiri anamwalira patangopita miyezi iwiri kapena itatu chionekereni komaliza. Sanasiye kubwera chifukwa chosamuka. Anasiya chifukwa miyendo inali itakana. Masamu ake ankawatenga ngati anthu ofanana ndi amene ankabwerabe akuyenda okha, pamene iwo anali odwalitsitsa mwa onse.

Atalowetsa madeti a pensulo aja, mzere unagwa akuona. Pa zaka zitatu panatsala anthu anayi pa khumi.

Kuuza adokotala aakulu sikunavute. Anagwira mutu, anafunsa mafunso awiri, nalamula kuti lipoti likonzedwe ndiponso kuti khadi likhale ndi malo olembapo imfa yomvera kwa achibale. Akalaliki atamva anangoti zikanakhala bwino akanawafunsa kale. Zimenezo zinatha tsiku limodzi. Chimene chinamulemera Manambala chinali munthu mmodzi yekha.

Anayesa kukondera, ndipo tisamuweruze, aliyense akanatero. Masamu omwewo amalola kuonjezera zina zokhudza wodwala: zaka zake, kukula kwa chotupa pamene chinapezeka, ngati chinali chitafalikira. Anaika zonse za achimwene ake, ngakhale zakuti sanasutepo fodya. Mzere unakwera pang'ono n'kuima pa asanu. Anasintha apa, anasintha apo, koma kompyuta ilibe mchimwene. Asanu ndi awiri aja sanabwerenso.

Anaganiza zongokhala chete. Mlamu wake anali atamuuza kuti nambala ija ndi imene imawadzutsa m'mawa, kuti akafooka ndi mankhwala amaitchula ngati pemphero. Kuwalanda imeneyo si kuwagwetsa? Koma nambala yomweyo ndi imene inkawauza kuti mwana angadikire. Ndipo iye ndi amene anawapatsa, ndi chala chake, akumwetulira. Anachita manyazi, anachitanso mantha, ndipo manthawo ndi amene anakula.

Loweruka masana anapita kumalo a ntchito a achimwene ake. Anawapeza akupala chitseko pansi pa shedi, mikono yawonda, lamba ataboola kabowo kena ndi msomali. Pensulo inali pakhutu monga mwa masiku onse. Mlamu wake anali pakhonde akusoka, ndipo atangoona nkhope ya Manambala anaika nsalu pansi.

"A Manambala afika," anatero achimwene ake osasiya kupala. "Mwabwera kudzatiwerenga?"

"Ndabwera kudzabweza mawu, achimwene."

Anaimitsa manja. Manambala anakhala pa benchi nafotokoza zonse, kuyambira pa khadi logwa lija mpaka pa makadi 121. Sanachepetse, sanakometse. Anawauza za anayi a gulu lonse, anawauzanso za asanu a iwowo.

Achimwene ake anasisita thabwa ndi chikhatho. "Mkulu wa makadiyo ndiye munthu," anatero kenako. "Ndiye iwe unandinamiza?"

"Ndinakuuzani zimene ndinkadziwa. Koma zimene ndinkadziwazo zinali zolakwika, ndipo kulakwako n'kwanga. Ndikanatsika masitepe awiri okha ndikanazipeza kale."

"Asanu." Anatambasula dzanja limodzi naliyang'ana, kenako linalo. "Ine ndili dzanja liti?"

"Mzere sukudziwani inu, achimwene. Umadziwa gulu. Mukhoza kukalamba mpaka kutitopetsa tonse. Koma sindingakuuzeninso kuti nthawi ilipo yambiri, chifukwa sindikudziwa."

Mlamu wake anali atayandikira, waima pafupi ndi mzati. Achimwene ake anakhala pa chitseko chimene ankapala chija. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni kudwala, Manambala anawaona akuchita mantha, ndipo mtima unamupweteka kuti wawachititsa ndi iyeyo.

"Anthu a pensulowo," anafunsa, "wati amamveka bwanji?"

"Achibale amangodutsa pazenera n'kunena."

"Basi? Munthu n'kumangomva kwa odutsa?"

"Ndi momwemo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye mwana uja adzakhala pamalo ena akumwetsa lole mafuta, wina wa kuno n'kudutsa: kodi unamva, bambo ako aja." Anadziyang'ana mikono. "Ine ndimati ndikaonekere ndili munthu, malaya akundikwana."

"Malaya ndingabweze ine lero lomwe," anatero mkazi wawo. "Nkhope ndi yomweyo, ndipo kuuma mutu sikunawonde."

Achimwene ake anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Anachotsa pensulo pakhutu, natola kachidutswa ka thabwa pansi. "Ndani ali ndi nambala yake? Musanamizire, ndikudziwa kuti mmodzi wa inu ali nayo."

Anali nayo onse awiri, zaka zonse zisanu ndi chimodzi. Manambala anaitchula pamtima, iwo akulemba pa kathabwako nambala imodziimodzi, zazikuluzikulu, ngati muyeso wa chitseko. Atamaliza anatulutsa foni yawo m'thumba, koma anadina molakwika kawiri.

"Akaona nambala yachilendo sayankha," anatero, ngakhale nambala yawoyo inali isanasinthepo chiyambire. "Imba pa yako. Koma wolankhula ndine."

Manambala anaimba. Foni inalira kanayi, kenako kunamveka phokoso la injini ndi mawu a mwamuna.

"Azakhali? Kuli bwino kumeneko?"

Manambala anachotsa foni pakhutu. Achimwene ake anapukuta utuchi m'manja pa buluku, kawiri konse, natambasula dzanja.