Tambala wa a Gilibati sanafike kupolisi

Tawina atabwera kuchokera kumsika wa Mitundu anapeza patebulo pali mbee, kompyuta palibe. Amuna ake, a Gilibati, anafotokoza nkhope ili pansi kuti kunabwera apolisi awiri. Ankafufuza mng'ono wa a Gilibati, Lovemore, amene ankamuganizira kuti amagulitsa makala a m'Dzalanyama, ndipo anati mwina maina a ogula ali m'kompyutamo. A Gilibati anawapatsa mipando, nkuwapatsanso kompyutayo, osafunsa ngakhale dzina la mmodzi.

Tawina anapsa mtima. Kompyutayo inali ya bungwe lothandiza amayi ochitiridwa nkhanza, kumene iye ankagwira ntchito, ndipo inali yokhoma: popanda mawu achinsinsi palibe akanawerenga kanthu. M'menemo munali madandaulo a amayi ambiri, kuphatikizapo a Zipora, amene mwamuna wake anali wachitetezo cha m'mudzi ndipo sankachokachoka kupolisi. Bamboyo akanangomva kuti mkazi wake anakamunenera, Zipora akanaona zakuda.

M'mawa mwake wapolisi anaimba foni kufuna mawu achinsinsi aja. A Gilibati anathamangitsa tambala pabwalo, nkumumanga miyendo.

"Kwa akuluakulu sapita chimanjamanja," anatero. "Muwapatse mawuwo mayi, tikapepese, zithe."

"Tikapepese chiyani? Talakwa chiyani?" anafunsa Tawina. "Zinsinsi zili mmenemo si zanga, ndi za eni ake."

Phokosolo linatulutsa mayi Felesiya, oyandikana nawo, amene amathandiza anthu pa zamalamulo ku Nathenje. Atamva nkhaniyo anayang'ana tambala uja, nkupukusa mutu.

"Bambo, uyu akakafika kumeneko adzatchedwa chiphuphu, ndipo mlandu udzakhala wanu."

Anawauza kuti apolisi akabwera kudzatenga katundu, munthu afunse maina awo, aone chikalata cha khoti, ndiponso apatsidwe pepala losonyeza zimene zatengedwa. Asatukwane, asalimbane nawo, asabise kapena kufufuta kanthu. Koma mawu achinsinsi saperekedwa pafoni chifukwa cha mantha. Tawina adziwitse bungwe lake, apite kupolisi ndi loya. Khoti likalamula kuti kompyuta itsegulidwe amvere, ndipo loyayo apemphe kuti aone zokhudza mlanduwo basi.

A Gilibati anamasula tambala mwamanyazi. Paja safunsa anadya phula.

Tsiku lomwelo Tawina anapita kupolisi ndi loya wa bungwe. Mkulu wa pamenepo atafufuza anapeza kuti chikalata cha khoti panalibe, ndipo kompyutayo sinalembedwe paliponse. Inali pansi pa tebulo ngati katundu wopanda mwini. Zimenezi zinamuwawa Tawina kuposa zonse. Mkuluyo anadzudzula anyamata ake, nkubweza kompyutayo ili chikhomere.

Madzulo ake kumjigo, Zipora anayandikira Tawina maso ali psuu. Anali atamva mphekesera ndipo anali atamanga kale zovala za ana kuti athawire kwawo.

"Awerenga?" ananong'ona.

"Sanatsegule nkomwe, achemwali."

Zipora anakhala pa ndowa yake, nkuphimba nkhope ndi chitenje.

Apolisi ali ndi ntchito yawo ndipo tiyenera kuwalemekeza, koma ulemu si mantha. Akatenga kompyuta kapena foni yanu, funsani chikalata cha khoti, landirani pepala la zimene atenga, ndipo musapereke mawu achinsinsi musanaonane ndi wodziwa malamulo. Nthawi zina chimene mwakhomera mmenemo ndi moyo wa mnzanu.