Batani Lomatika la a Goodman

Nkhope ya Loyce ndiyo inandiimitsa. Ndinkapukuta fumbi pa kompyuta m'shopu yosindikiza mapepala pa Chiringa, mausi n'kugwedezeka, sikirini n'kuyaka. A Goodman, abwana anga, anali atapita kukadya chipisi osatseka WhatsApp.

Chinali chithunzi chimene mng'ono wangayo anajambulitsa dzulo lake, chokafunsira ntchito. Abwana anali atachiponya m'gulu la anzawo, pansi n'kulemba: "Ndiwo zalero, madoda." Wina anayankha: "Goodman, uli ndi diso!" Zotsatirazo sindingazibwereze. Chakumtunda kunali atsikana ena a ku Nkhulambe, aliyense ndi ndemanga yake, ngati mbuzi pamsika.

Foni yanga inali yamabatani, yopanda kamera. Ndikanangonena pakamwa, ndani akanamvera wantchito n'kusiya a Goodman, mkulu wa mpingo? Kompyuta ndinaiphunzira ndekha pobayabaya, ndiye njira zojambulira sikirini ndinkazidziwa. Ndinayesa Windows, Shift ndi S pamodzi, koma makinawo anali nkhalamba, anakana. Panja njinga ya abwana inali italira kale mabuleki. Ndinakanikiza Print Screen, batani lomatika ndi mafuta a chipisi, mpaka chala kuwawa.

"Zelifa, ukutani pampando wanga?"

"Ndikupukuta."

Anandikankha ndi chigongono, n'kutseka zonse. Sindinapeze mpata womata chithunzicho mu Paint kuti ndichisunge. Chinatsala m'mutu mwa makina, momwe chimafufutika munthu akangokopa china kapena magetsi akathima.

Posakhalitsa analowa akazi awo, mayi Gertrude, ndi amayi awiri amumpingo, kudzatenga ndondomeko ya msonkhano wa amayi.

"Bambo, mwamaliza? Anzangawa akupita ku Mkhumba wapansi."

"Kwangotsala chizindikiro cha mpingo," anatero abwana. "Ndinakopa kale m'mawa, ndingomata apa."

Ine ndekha ndinkadziwa kuti chizindikirocho chinachoka kale, ndiponso chimene chinalowa m'malo mwake. Ndinkadziwanso kuti ntchito yanga ithera pomwepo. Waya wa magetsi unali pafupi ndi phazi langa. Ndinabweza phazilo.

"Mayi, senderani muone bwino," ndinatero. "Zilembo n'zazing'ono."

Anasendera onse atatu. A Goodman anakanikiza Ctrl ndi V.

Pansi pa mutu wakuti "Banja Loyera" panatulukira Loyce, kolala yake yositidwa bwino, akuyang'ana kutsogolo monga anamuuzira wojambula. Ndiwo zalero zija zinali pomwepo, diso la Goodman pomwepo.

"Ndi vayirasi iyi," abwana anang'ung'udza, chala chikusakasaka batani lofufutira.

Mayi Gertrude anagwira dzanjalo n'kulitsikizira pathebulo. Sanakweze mawu, sanawayang'anenso amuna awo.

"Zelifa mwanangu, sindikiza momwemo."

Makina anakoka pepala, n'kuyamba kulavula pang'onopang'ono. Chinatuluka chipumi cha Loyce kaye, kenako maso.